Munalipira 10, foni ikuonetsa 1.2: zinazo zapita kuti?

Pa chikwangwani cha ogulitsa intaneti palembedwa nambala yaikulu: 10 Mbps. Munthu alipira, amisiri abwera, akhoma kabokosi pakhoma, timagetsi tobiriwira tiyamba kuphethira. Madzulo akhala pansi kuti adawunilode fayilo ya 1 GB, mwina vidiyo ya ukwati imene mlamu wake watumiza kuchokera ku Johannesburg. M'mutu mwake masamu atha kale: 1,000 kugawa ndi 10, masekondi 100, tiyi asanazizire zikhala zatheka. Koma kanambala ka pa sikirini kakana kukwera. Kakungovina pakati pa 1.1 ndi 1.2, ndipo papita mphindi 14 kuti fayilo ilowe yonse. Apa ndiye pamatuluka mawu amene timawamva m'minibasi tsiku ndi tsiku: anthu awa akutibera.

Pa nkhani iyi yokha, munthuyu sanaberedwe. Walandira zimene anagula, pafupifupi ndendende. Chamusokoneza n'chakuti wogulitsa ndi foni akuyeza ndi miyeso iwiri yosiyana, komanso kuti pa zonse zoyenda m'waya, si zonse zimene zili zake. Masamu ake ndi a pulayimale, ndipo amene wawadziwa amatha kusiyanitsa tsiku limene akungodandaula pachabe ndi tsiku limene akumudyeradi masuku pamutu. Masiku achiwiriwo aliponso, ndipo si ochepa.

Poyambira ndi pa chilembo chimodzi. Mu Mbps, b wamng'onoyo akuimira bit, kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga, 0 kapena 1. Mu MB ndi GB, B wamkuluyo akuimira byte, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Liwiro la waya limayezedwa m'ma bit pa sekondi, pamene mafayilo ndi mabandulo amayezedwa m'ma byte. Choncho 10 Mbps mukaigawa ndi 8 ikupatsani 1.25 MB pa sekondi, ndipo kupitirira pamenepo sizingatheke ngakhale mutakhala nokha pa netiweki usiku wa manda. Fayilo ya 1 GB pa liwiro limeneli ikufunika masekondi 800, kutanthauza mphindi 13 ndi masekondi 20. Gawo lalikulu la "kuba" kuja lathera pomwepa.

Zatsala ndi zing'onozing'ono: bwanji 1.25 sikufikanso, ndipo masekondi ena oposa 40 achokera kuti? Funso laling'onoli ndi limene mainjiniya a zamatelefoni akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 60.

Amene anaimapo pa sikelo ya pamsewu ku Mwanza kapena ku Songwe akudziwa kuti lole ikakwera pa sikelo, nambala imene imatuluka si ya chimanga chokha. Muli kulemera kwa lole, kwa matumba, kwa lona ndi zingwe zomangira. Waya nawonso umawerenga zonse zodutsa. Uthenga wanu suyenda wamaliseche. Umaduladulidwa m'mapaketi, ndipo paketi iliyonse imavekedwa mutu wonena kumene ikuchokera, kumene ikupita, malo ake pa mzere ndi nambala yotsimikizira kuti sinavulale panjira. Nambala ya pa chikwangwani ndi ya lole yodzaza. Foni yanu imaonetsa chimanga chokha.

Kumene nambalazi zinachokera

Nambalazi zinayamba ndi mawu a munthu, kompyuta zisanafale. Mu 1938 injiniya wa ku Britain, Alec Reeves, akugwira ntchito ku Paris, analembetsa njira yosandutsa mawu kukhala manambala. Nzeru yake inali yoti m'malo motumiza mawu momwe alili, makina aziyeza mphamvu ya mawuwo pafupipafupi n'kutumiza zotsatira zake. Lamya inkanyamula mawu mpaka pa 3,400 Hz, ndipo malinga ndi lamulo limene limadziwika ndi mayina a Harry Nyquist ndi Claude Shannon, kuyezako kumayenera kuchitika koposa kawiri pa nambala imeneyi. Mainjiniya anadzakhazikika pa maulendo 8,000 pa sekondi, muyeso uliwonse ma bit 8. Mukachulukitsa mupeza ma bit 64,000 pa sekondi. Imeneyi ndiyo njerwa imene nyumba yonse ya matelefoni inamangidwa nayo: munthu mmodzi akulankhula, 64 kbps.

Ku America, kampani ya Bell inayamba mu 1962 kulongedza anthu 24 pa chingwe chimodzi chotchedwa T1. Anthu 24 akufuna 1,536 kbps, koma chingwecho chimathamanga pa 1,544. Zapamwambazo ndi bit imodzi imene amaiwonjezera pa gulu lililonse la ma bit 192, kuti makina olandira adziwe pamene gulu layambira. Ku Ulaya anasankha zina, ndipo maiko a mu Africa anatsata zomwezo. Chingwe chawo, E1, chili ndi mipata 32 ya 64 kbps, zonse pamodzi 2,048 kbps. Koma olankhula ndi 30 okha. Mpata 0 ndi wosunga mzere, mpata 16 ndi wonyamula nkhani za makina okhaokha, monga nambala imene mwaimba ndi chizindikiro choti uko foni yayankhidwa. Wogula E1 amalipira 2,048, mawu a anthu ake amadutsa pa 1,920.

Zingwe za fibre zitabwera, nambala zinakula koma kachitidwe sikanasinthe. Muyeso wotchedwa STM-1 umatumiza bwalo la ma byte lokhala ndi mizere 9 yopingasa ndi 270 yotsika, maulendo 8,000 pa sekondi, chifukwa cha mawu a munthu omwe aja. Zimenezi zikupereka 155.52 Mbps. Pa mizere 270 yotsikayo, 10 ndi ya oyendetsa netiweki, yoonera ngati chingwe chili bwino ndi yolozera pamene katundu wayambira. Yotsala 260 ikupereka 149.76 Mbps. STM-1 imodzi imanyamula ma E1 okwana 63, kutanthauza anthu 1,890 akulankhula nthawi imodzi.

Mkangano wa 32 ndi 64

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, bungwe la CCITT ku Geneva, limene lero ndi nthambi ya ITU, linkakonza njira imodzi yoti izinyamula mawu, zithunzi ndi data pamodzi. Anaitcha ATM, dzina longofanana ndi makina otapira ndalama kubanki koma zinthu zosiyana kotheratu. Anagwirizana kuti uthenga uziduladulidwa m'tizidutswa tofanana kukula. Pa kukula kwakeko ndi pamene panavuta.

A ku France ndi anzawo ena a ku Ulaya ankafuna ma byte 32. Chifukwa chawo chinali chomveka. Mawu a pa lamya amatulutsa byte imodzi pa gawo limodzi mwa magawo 8,000 a sekondi, ndiye kachidutswa kakakhala kakakulu, makina amayamba adikira kuti kadzaze. Kudikirako kukachuluka, wolankhula amayamba kumva mawu ake omwe akumubwerera, ndipo pamafunika zipangizo zodula zoletsa zimenezi. Dziko laling'ono ngati France likanatha kuzipewa zipangizozo ndi tizidutswa ta 32. A ku America, dziko lawo ndi lalikulu, zipangizozo anali nazo kale, choncho ankafuna 64 kuti data iziyenda yambiri pa mutu umodzi. Atakanika kugonjetsana anangokumana pakati: 48, nambala imene palibe mbali inabwera nayo. Atawonjezera mutu wa ma byte 5, kachidutswa kanakhala 53.

Zotsatira zake zimawawa mukazilemba papepala. Pa ma byte 53 alionse, 5 ndi mutu, kutanthauza kuti 9.4 pa 100 yapita katundu asanakwere. Mainjiniya anafika poutcha msonkho. STM-1 ija inayamba ndi 155.52 n'kutsika pa 149.76, ikanyamula ATM imadutsitsa tizidutswa pafupifupi 353,000 pa sekondi, ndipo katundu weniweni amatsala 135.63 Mbps. Choipa kwambiri chinali pa mapaketi aang'ono. Kompyuta ikalandira data imabweza kapaketi kovomereza ka ma byte 40. Kakavekedwa ma byte 8 kutsogolo ndi 8 kumbuyo, monga zinkachitikira kawirikawiri, kamafika 56. M'kachidutswa ka 48 sikakwana, ndiye kamatenga tiwiri, kachiwiriko kodzazidwa ndi ziro. Ma byte 106 kuti anyamule 40. Intaneti ya ADSL, yodutsa pa mawaya a lamya za m'nyumba, inkayenda pa ATM, n'chifukwa chake eni ake sankaona liwiro limene analonjezedwa ngakhale mawaya atakhala atsopano. Ine ndimaona 48 ngati chitsanzo cha zimene zimachitika komiti ikafuna kusangalatsa aliyense: mawu sanapindule, data sinapindule, ndipo ATM inadzagonja kwa Ethernet, njira imene inabadwira ku Xerox PARC mu 1973 yongolumikizira makompyuta a mu ofesi.

Ethernet ndi imene ili pa waya wolowa kumbuyo kwa kabokosi kanu kaja, ndipo masamu ake ndi amene akuyankha funso la masekondi 40 aja. Paketi yodzaza imanyamula ma byte 1,500. M'menemo, 20 ndi mutu wa IP, wokhala ndi adiresi, ndipo 20 ena ndi mutu wa TCP, woonetsetsa kuti zidutswa zafika zonse ndiponso mwa dongosolo. Zanu zatsala 1,460. Kunja kwake Ethernet imaika mutu wake wa 14, nambala yotsimikizira ya 4, ma byte 8 odzutsa makina olandira, ndi kampata ka chete kofanana ndi ma byte 12 paketi ina isanabwere. Zonse pamodzi 1,538. Gawani 1,460 ndi 1,538, mupeza 94.9 pa 100. Ndiye 1.25 MB pa sekondi ija yatsika kufika pa 1.19, ndipo 1 GB ikutenga masekondi pafupifupi 843. Mphindi 14 zija ndi zimenezi. Pa waya wa 100 Mbps, pulogalamu yoyeza liwiro ikaonetsa 94 kapena 95, wayawo uli bwinobwino, musaitane amisiri.

Katundu akachepa, mutu umalamulira

Chiwerengero cha 95 pa 100 chimagwira pamene mapaketi ndi odzaza, monga podawuniloda kanema. Kulankhulana pa intaneti ndi nkhani ina. Mawu sangadikire kuti akwane ma byte 1,460, chifukwa mnzanu angamayankhe funso limene munafunsa kalekale. Amatumizidwa pang'onopang'ono, kawirikawiri mapaketi 50 pa sekondi. Tengani njira yofinyira mawu yotchedwa G.729, imene imatulutsa 8 kbps yokha. Paketi iliyonse ili ndi mawu a ma byte 20, koma mitu yake, wa IP 20, wa UDP 8 ndi wa RTP 12, ikukwana 40. Mutu wakula kawiri kuposa thupi, ndipo 8 kbps yasanduka 24 waya usanaikeko zake. Woyang'anira makompyuta pa ofesi amene angagawe liwiro la waya ndi 8 kbps pofuna kudziwa kuti angadutsitse mafoni angati nthawi imodzi, adzalonjeza abwana ake katatu kuposa zimene zingatheke.

Opanga makina a netiweki amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amayeza makina awo m'mapaketi pa sekondi, osati m'ma bit okha. Waya wa 1 Gbps umadutsitsa mapaketi odzaza 81,274 pa sekondi. Mapaketi akakhala ang'onoang'ono zedi, a ma byte 64, chiwerengero chimakwera kufika 1,488,095. Liwiro la waya ndi lomwelo, koma makina akuwerenga ma adiresi ochuluka ka 18. Bokosi lotchipa limakomoka pamenepa.

Kumene masamuwa amatiluma ife olemba Chichewa

Pali paketi ina imene aliyense wa ife anaigwirapo m'manja, ngakhale agogo a kumudzi ndi kafoni kawo ka mabatani. SMS imanyamula ma byte 140, osaposa. Amenewa ndi ma bit 1,120. Amene anakonza GSM, njira ya mafoni a m'manja, ku Ulaya, pakati pawo Friedhelm Hillebrand wa ku Germany, anapatsa chilembo chilichonse ma bit 7, ndipo 1,120 kugawa ndi 7 ndi 160. Malire otchuka a zilembo 160 anachokera apa. SMS yoyamba inatumizidwa pa 3 December 1992 pa netiweki ya Vodafone ku Britain, ndipo mpaka lero kukula kwake sikunasinthe.

Ma bit 7 amangokwanira zilembo ndi zizindikiro 128. Pa mndandanda umenewo analowetsapo é, ñ, ü, ø ndi zilembo zina za Chigiriki. Koma ŵ wathu palibe. Mukalemba Malaŵi ndi kachipewa kake, foni imene siingomusandutsa w wamba imasamutsira uthenga wonse ku njira ina yopatsa chilembo chilichonse ma bit 16. Tsopano 1,120 kugawa ndi 16 ndi 70. Yesani pa foni yoonetsa zilembo zotsala, muone kanambala ka pakona kakugwa nthawi yomweyo, chifukwa cha chilembo chimodzi.

Uthenga ukatalika n'kudulidwa, chidutswa chilichonse chimataya ma byte 6 olembapo kuti ichi ndi choyamba, ichi chachiwiri. Zidutswa zimanyamula zilembo 153, kapena 67 pa njira ya ma bit 16 ija. Ndiye uthenga wa zilembo 150, umene ukanapita ngati SMS imodzi, ukalowa ŵ umapita ngati zitatu, ndipo zonse zitatu n'zolipira.

Ambiri tinasiya kulemba ŵ, ndiye wina anganene kuti izi sizikumukhudza. Koma Chichewa sichiyenda popanda kachizindikiro ka mu ng'ombe, m'mudzi ndi n'chifukwa. Kowongoka, kamene kali pa batani la kompyuta, pa mndandanda wa GSM kalipo. Kopindika, kamene Microsoft Word imaika yokha munthu akamalemba, palibe. Taganizirani mlembi wa bungwe la alimi kapena wa sukulu amene wakonza uthenga wake mu Word, waukopera mu pulogalamu yotumizira anthu 5,000, wadina. Pamaso uthengawo ukuoneka bwinobwino. Bilu ikabwera yawirikiza kawiri kapena katatu, ndipo mu ofesi ayamba kulozana zala. Mankhwala ake ndi aulere: fufutani kopindikako, lembani kowongoka musanatumize.

Pa mlengalenga palibe lonjezo

Amalawi ambiri sitilowa pa intaneti kudzera pa waya. Timalowa pa foni, kudzera pa nsanja za Airtel ndi TNM, ndipo kumeneku kuli sitepe ina imene waya wa m'nyumba umatibisira. Wailesi ya pa nsanja situmiza ma bit mwachindunji. Imatumiza zizindikiro, ndipo chiwerengero cha zizindikiro pa sekondi chimatchedwa baud, potengera dzina la Émile Baudot, katswiri wa telegalafu wa ku France. Chizindikiro chimodzi chimatha kunyamula ma bit angapo. Mamodemu akale a 9,600 bps ankatumiza zizindikiro 2,400 zokha pa sekondi, chilichonse ma bit 4 a uthenga.

Pa 4G, nsanja yokhala ndi mpata wa 20 MHz imatumiza zizindikiro 16.8 miliyoni pa sekondi. Foni ikakhala pafupi ndipo ikumva bwino, chizindikiro chilichonse chimasenza ma bit 6, zomwe zikupereka 100.8 Mbps. Ndi tinyanga tiwiri zimafika 201.6. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limapita ku zoyendetsera ndi zokonzera zolakwika, n'kutsala 150 Mbps imene imalembedwa pa makatoni a ma MiFi ambiri. Koma foni ikatalikira, kapena mukalowa m'nyumba ya malata ndi makoma ochindikala, nsanja imatsitsa katundu kufika ma bit 4, kenako 2 pa chizindikiro, n'kuwonjezera ma bit obwereza kuti uthenga usasochere. Zizindikiro zikuthamanga chimodzimodzi, koma zanyamula zochepa.

Ndipo 150 ijayo si yanu nokha. Ndi ya onse amene ali mbali imeneyo ya nsanja. Ku Ndirande kapena ku Area 25 nthawi ya 8 koloko madzulo, anthu ataweruka ndipo aliyense ali pa TikTok ndi WhatsApp, mumagawana. Kuseri kwa nsanja kulinso chingwe chopita ku likulu la kampani, ndipo kuseri kwa likulu kuli fibre yodutsa ku Tanzania kapena ku Mozambique kukakumana ndi zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM, imene inayamba ntchito mu 2009, ndi EASSy ya 2010. Paliponse pamene pachepa, liwiro la onse limatsika. Uku sikulakwa kwa mitu ya mapaketi ayi. Ndi nkhani ya ndalama zimene kampani yaika kapena sinaike pa nsanja ndi zingwe, poyerekeza ndi makasitomala amene yalembetsa.

Za bandulo nazo zili ndi mbali yake. Pa manetiweki ambiri a mafoni, makina owerengera amawerenga paketi yonse ya IP, mutu ndi katundu, zolowa ndi zotuluka zomwe. Timapaketi tovomereza tija timadya nawo bandulo, chimodzimodzi mapaketi otumizidwa kachiwiri atatayika panjira. N'chifukwa chake fayilo ya 100 MB imadula bandulo kuposa 100 MB. Palinso chisokonezo chakale: kwa ena 1 GB ndi ma byte 1,000,000,000, kwa ena ndi 1,073,741,824, kusiyana kwa 7 pa 100. Bungwe la IEC linayesa kuthetsa izi mu 1998 popatsa muyeso wachiwiriwo dzina lakelake, GiB, koma pa msika dzinali silinagwire. Zonsezi mukaziphatikiza zingafotokoze bandulo yotha msanga pang'ono. Bandulo ya mwezi yotha m'masiku atatu, yang'anani kwina: mavidiyo odziyambira okha pa Facebook, mapulogalamu odzikonza usiku, kapena ana amene anadziwa pasiwedi ya hotspot.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi onse awiri, wodandaula wa m'minibasi ndi wogulitsa. Wodandaula akulakwa akamati 1.2 pa 10 ndi kuba. Koma wogulitsa nayenso asabisale kuseri kwa mawu oti "zaukadaulo" pamene kasitomala wa 10 Mbps akuona 0.3 MB pa sekondi madzulo alionse. Podawuniloda, mitu ya mapaketi imadya 5 pa 100, ikachulukitsa 10 kapena 15 pa njira zakale ngati ATM. Siidya 75. Ndipo kulemba liwiro m'ma bit ndi bandulo m'ma byte pa chikwangwani chimodzi, popanda kufotokoza, kumapindulira mbali imodzi yokha, chifukwa nambala ya ma bit imaoneka yaikulu ka 8. MACRA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 ndipo ili ndi udindo woteteza ogula, ikhoza kulamula kuti wotsatsa aliyense azilemba miyeso yonse iwiri, komanso liwiro limene munthu angayembekezere nthawi ya madzulo, osati la pakati pa usiku lokha.

Podikira zimenezo, chitani masamu anu. Tengani nambala imene munalonjezedwa, gawani ndi 8, chotsani 5 pa 100. Yezani m'mawa, masana ndi madzulo kwa sabata imodzi, muli pafupi ndi kabokosi ndipo ena onse m'nyumba atazimitsa data, n'kumalemba zotsatira. Zikamayandikira nambala yanuyo, zonse zili bwino. Zikamalephera kufika ngakhale theka, tengani pepalalo mupite nalo ku kampani, ndipo akakuzengerezani, kalembeni dandaulo ku MACRA.